Mabedishiti a Boma

Mushopu mwanga munali makina osokera khumi ndi awiri, ndipo pa makina alionse pankakhala mzimayi amene wasiya ana kunyumba. Tinkasoka mabedishiti a zipatala za boma. Zaka makumi awiri ndi zinayi dzina langa linali m'kaundula wa anthu ogulitsa katundu ku boma, ndipo chiphaso chake ndinachiika m'galasi pamwamba pa tebulo lodulira nsalu. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, koma palibe wogulitsa nsalu amene anandidyerapo masuku pamutu.

Lamulo langa pa kunenerera ndi limodzi: nsalu imene waikonda usaiyang'ane kawiri. Ukaiyang'ana kawiri mwiniwake waona kale, mtengo wakwera. Ndinawaphunzitsa zimenezi azimayi anga onse, ndipo mwana wanga anazimva asanadziwe n'kulowetsa ulusi m'singano komwe.

Mwanayo ndi mmodzi yekha, wamkazi. Anakulira pansi pa tebulo lodulira lija, akutola tizigamba. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye tinene kuti makina ndi amene anamulera. Anaphunzira mpaka kukhala loya ku unduna wa zamalonda. Mushopu palibe amamutchula dzina. Onse amangoti Loya, ngakhale a Sizasi, odula nsalu athu, amene ankamupukuta mamina.

Loweruka lina masana anabwera atanyamula chikwama cha mapepala, maso atatupa ndi kuwerenga. Ndinkadziwa kuti kwa zaka zitatu wakhala akupita ku misonkhano ndi anthu a maiko a kutsidya kwa nyanja, koma sindinkafunsa. Tsiku limenelo anayamba yekha. Anati sabata yotsatirayo alendowo akubwera kudzamaliza zokambirana ku hotela yaikulu ya m'tauni. Pangano lake n'lakuti boma lawo likafuna kugula katundu, amalonda athu aziloledwa kupikisana nawo, ndipo boma lathu likalengeza tenda, makampani awo nawonso azilowa.

“Ndiye abwera kudzasoka mabedishiti athu?” ndinafunsa.

“Sabwera, amayi. Azingotumiza. Ali ndi mafakitale amene amatulutsa pa tsiku limodzi zimene inu mumasoka chaka chathunthu.”

“Nanga ife tizitumiza chiyani kwawoko?”

“Chilichonse chimene boma lawo lalengeza. Khomo likhala lotsekula mbali zonse.”

A Sizasi sanadzutse n'mutu womwe. “Khomo lotsekula, koma nyumba yake ili pamwamba pa mtengo,” anatero, sizasi ikulira m'nsalu.

Mwana wanga anaseka pang'ono. “Musade nkhawa. Tinaika malire. Tenda yaing'ono, yosafika pa mlingo umene tinagwirizana, ikhala ya eni dziko okhaokha. Za mabedishiti n'zazing'ono. Ndime imeneyo ndinalemba ndine.”

“Zinali zazing'ono,” ndinatero.

“Mukutanthauza chiyani?”

Ndinapita kuseri kwa chitseko, pa msomali pamene ndimabayapo mapepala a boma, n'kuzula limodzi. Kale chipatala chilichonse chinkaitanitsa chokha, ichi mabedishiti mazana atatu, icho mazana asanu. Koma kuyambira chaka chatha a kulikulu anayamba kusonkhanitsa zipatala zonse pa pepala limodzi. Ife a mashopu asanu ndi anayi tinkalowa pamodzi ngati gulu, tikapambana n'kugawana ntchitoyo tokha. Pa makina inali ntchito yaing'ono monga kale. Papepala inali tenda imodzi yaikulu ngati njovu.

Anawerenga pepalalo ali chiimire. Analiwerenganso atakhala pa mpukutu wa nsalu.

“Ife tinawerengera mabuku akale, a nthawi imene tinkayamba zokambirana,” anatero mawu ali pansi. “Iyi yadutsa mlingo kutalitali.”

“Ndiye kuti malire ako munawakumba kumene kulibe munda. Kauze anzako.”

“Ndikawauza abwana anga Lolemba. Tikhoza kupempha kuti m'pangano mulowe mawu akuti boma lili ndi ufulu wogawa tenda ya nsalu m'zigawo, chigawo chilichonse n'kuwerengedwa pachokha. Koma amayi, tamverani. Abwana akudziwa kuti mumagulitsa ku boma, ndinawalembera kalekale. Anati palibe vuto chifukwa mabedishiti sali m'nkhaniyi. Tsopano alowa. Ndiwapatsa pepalali alankhule okha, ine ndizingowathandiza ndi malamulo. Lachiwiri unduna waitana amalonda kuti adzamve mmene zikuyendera. Mukabwera, simukundidziwa, inenso sindikukudziwani.”

“Ndinakubereka ndine, lero ndisakudziwe?”

“Kwa masiku anayi okha.”

“Chabwino. Pakamwa panga ndi pa zipi.”

A Sizasi anatsokomola.

Lachiwiri ndinavala diresi langa labuluu, ndinapinda bedishiti limodzi n'kuika m'chikwama. Sindipita kumene kuli anthu a ndalama wopanda chitsanzo cha ntchito yanga. A Sizasi anandiperekeza. Ku hotela anatipachika mabaji m'khosi n'kutilowetsa m'chipinda chozizira ngati cha maliro, pansi pali kalipeti womeza mapazi. Anatipatsa tizinthu toika m'makutu kuti tizimva womasulira. Ndinamuona mwana wanga kutsogolo, pamzere wachiwiri, kumbuyo kwa bwana wake. Sanandiyang'ane. Inenso ndinayang'ana kudenga.

Analankhula anthu atatu, ndipo onse atatu anati mwayi, mwayi, mwayi. Kalipentala wina anaima n'kufunsa kuti akafuna kugulitsa madesiki ku sukulu za kutsidyako atani. Anamuyankha kuti alembetse pa kompyuta m'chilankhulo chawo, atumize thabwa kuti akaliyese kwawo komweko, ndipo akapambana apereke madesiki zikwi makumi awiri m'miyezi iwiri. Kalipentalayo anakhala pansi pang'onopang'ono. A Sizasi anandigunda ndi chigongono: “Mtengo uja ndi umenewu.”

Nthawi ya tiyi tinatuluka pakhonde. A Sizasi anapita kukafola mzere wa makapu, ine ndinaima pakona ndikukonza bedishiti limene linkatulukira m'chikwama. Pamenepo panabwera bambo wina mlendo, wamtali, mutu uli mbuu ndi imvi. Baji yake inali itatembenuka, kuonekera kumbuyo kokha. Anandipatsa moni m'chilankhulo chathu, mopotoka koma momveka. Anati ali mnyamata anakhala kuno zaka zinayi akumanga milatho.

“Ndingaone nsaluyo, mayi?”

Ndinati mumtima, wogula uyu. Akuti khomo latsekuka, mwina ndi ameneyu woyamba kulowa. Ndinamutambasulira. Iye sanayang'ane pakati monga amachitira a boma. Anapita m'mphepete, anatembenuza mpendero, anaukoka ndi zala ziwiri.

“Mwasoka kawiri. Chifukwa chiyani? Ulusi ukutha wambiri.”

“Kuchipatala sachapa ngati kunyumba, bambo. Amawiritsa. Msoko umodzi sutha miyezi itatu, wayamba kale kumasuka, wodwala chala chake n'kukodwa. Wanga umatha zaka ziwiri.”

“Boma limakulamulani kutero?”

“Boma silidziwa n'komwe. Ndimatero ndekha.”

Anagwedeza mutu nthawi yaitali, mpenderowo uli m'manja. “Kwathu makina sasoka chonchi,” anatero. “Iyi ndi ntchito ya munthu.”

Zaka makumi awiri ndi zinayi, palibe wa boma amene anatembenuzapo mpendero wanga. Amangowerenga mitolo n'kudinda. Mtima wanga unasungunuka ngati kandulo, ndipo sindinamve kuti ukusungunuka.

“Simukuopa pangano limeneli, mayi? Mafakitale athu ndi aakulu.”

“Ine? Ndiope chiyani? Mwana wanga ali m'kati umo. Loya uja wa jekete yakuda, wokhala kumbuyo kwa bwana. Pepala la zipatala ndinamupatsa ndine Loweruka. Mabedishiti awa sapita kwina, muona.”

“Ndi mwana wanu?” anatero mwaulemu. “Muyenera kunyada naye.”

Anapinda bedishitilo bwinobwino, makona anayi kukumana, n'kundibwezera. Sanafunse mtengo. Pamenepo m'pamene ndinayenera kudziwa. Wogula amafunsa mtengo.

Titabwerera m'chipinda, ndinamuona Waimviyo akukhala patebulo lakutsogolo, pakati penipeni pa alendo, kuseri kwa kambendera kawo. Baji inali itatembenuka bwino tsopano. A Sizasi anandiyang'ana nkhope.

“Mwamuuza chiyani uja?”

“Za msoko.”

“Za msoko zokha?”

Ndinabwezeretsa tizinthu tija m'makutu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Unanditsata Lachitatu masana. Makina onse ankalira, dzuwa likulowa pazenera la kumadzulo, pamene mwana wanga analowa wopanda baji m'khosi, wopanda chikwama. Makina anayamba kuima amodziamodzi mpaka munangotsala phokoso la nsimbi ikupuma nthunzi. Anandidutsa n'kukalowa m'kachipinda kosungira nsalu. Ndinamutsatira n'kutseka chitseko.

“Anditulutsa,” anatero.

“Ndani?”

“Abwana. Pamaso pa anthu onse, mwaulemu. M'mawa uno anaika pempho lathu logawa matenda. Mkulu wa alendo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ali ndi funso laling'ono. Anati pempholi labwera mochedwa, ndipo wamva kuti lachokera pa msomali wa shopu ya mayi ake a mmodzi wa ife. Anafunsa ngati akukambirana ndi dziko kapena ndi banja.”

“Za msomali sindinamuuze.”

“Amayi.”

“Ndiye bwana wako anati chiyani?”

“Akanatani? Anandiuza kuti ndidikire panja. Madzulo ano akumana ndi nduna. Akuganiza zochotsa pempholo kuti nkhani isafike m'nyuzipepala. Ine akuti ndikhale kaye kunyumba mpaka afufuze.”

“Afufuze chiyani? Unaba?”

“Sindinabe. Koma zaka zitatu, amayi. Ndime zonse za m'panganolo ndimazidziwa ngati mmene inu mumadziwira makina anu. Anzanga awiri otsalawo angoyamba ntchito chaka chino. Alendo ali ndi maloya khumi ndi mmodzi.” Anakhala pa mpukutu womwe uja wa Loweruka. Sanalire. Ndikanakonda akanalira. “Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Munandiphunzitsa ndinu, kuti osayang'ana kawiri.”

Ine ndimayankha aliyense. Ndinayankhapo apolisi, ndinayankhapo mkulu wa chipatala amene ankafuna kukana mitolo yanga. Tsiku limenelo ndinayang'ana mashelefu.

Atachoka, a Sizasi analowa kudzatenga choko chimene sankachifuna.

“Nsalu munaiyang'ana kawiri ija si bedishiti,” anatero.

“Tulukani.”

“Ndikutuluka. Koma mutani?”

Lachinayi ndinafika ku hotela anthu akukolopa pakhonde. Ndinakhala pampando wa pafupi ndi chikepe mpaka anatulukamo bwana wa mwana wanga, bambo wamfupi wa magalasi, akuyenda ngati nsapato zikumuluma. Ndinaima panjira pake.

“Ndine mayi ake a Loya.”

“Ndakudziwani, mayi. Pepani, ndili ndi mphindi zochepa.”

“Inenso. Mwana wanga analakwa?”

“Sanalakwe. Pepala lanu linatitsekula maso, ndipo pempholo n'loona. Koma alendo apeza pogwira. Tikalimbikira, anena kuti tikumenyera shopu imodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi, ndipo pa zokambirana izi odwala m'mimba ndife. Tikufuna msika wawo pa zinthu zina.”

“Mashopu tilipo asanu ndi anayi. Azimayi akupitirira zana.”

“Ndikudziwa. Koma shopu imene ili m'kamwa mwawo ndi yanu.”

“Ndikanakhala kuti sindigulitsa ku boma?”

“Sakanakhala ndi chonena.”

“Kufufutitsa dzina m'kaundula kumatenga masiku angati?”

Anavula magalasi. “Mayi, musafulumire.”

“Ndafunsa masiku.”

“Kalata imodzi ndi chidindo. Tsiku lomwelo. Koma mukatuluka simubwerera mpaka zaka zisanu. Ndipo sizingatheke kuti mulembetse m'bale wanu makina akhale anu omwewo. Alendowa amafufuza. Ziyenera kukhala zenizeni.”

“Ine sindigulitsa zabodza. Ndiye tamvani mtengo wanga. Ndikupatsani kalatayo mawa m'mawa. Inu mundipatsa zinthu ziwiri. Mwana wanga abwerere pampando wake, ndipo pempho lija musalichotse.”

“Sindingalonjeze kuti avomera.”

“Sindinati avomere. Ndati musalichotse nokha. Akafuna alichotse iwo, thukuta litatuluka.”

“Mwana wanu atha kubwerera. Pempholo ndiyenera kufunsa nduna.”

“Ndiye kalata palibe.” Ndinanyamula chikwama n'kuyamba kuyenda. Ndinadutsa miphika ya maluwa iwiri.

“Mayi,” anaitana. “Mawa, isanakwane naini.”

Kuchoka apo sindinapite kushopu kwanga. Ndinapita kwa a Mabatani. Amenewa ali ndi shopu kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo takhala tikulimbana kuyambira tonse tili ndi makina amodziamodzi. Ananditengerapo osoka awiri, ine ndinawalandapo chipatala cha ana. M'gulu la mashopu lija tinkakhala limodzi chifukwa cha njala basi. Ndinawapeza akudya chimanga chootcha pa kauntala.

“Kwagwanji? Mwasochera?”

“Ndikutuluka m'kaundula. Gawo langa la mabedishiti likhala lopanda mwini. Mulitenge inu, pamodzi ndi makina ndi azimayi anga.”

Anasiya kutafuna. “Mukudwala?”

“Ndili bwino kuposa inu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wamalonda anadzuka mwa iwo. “Makina ndingatenge. Azimayi ndili nawo anga.”

“Makina sapita okha. Alionse ali ndi mwini wake wokhalapo.”

“Asanu ndi amodzi.”

“Khumi ndi awiri.”

“Ndiwaika kuti, padenga? Taonani malo ake.”

Tinayeza chipindacho ndi tepi, ine mbali iyi iwo mbali iyo, tikutukwanizana. Tikachotsa kabati ya mabatani n'kugwetsa kakhoma ka mapulanga, munkalowa makina asanu ndi anayi. Tinagwirizana pamenepo. Za mtengo wa makinawo sindinalimbe, ndipo iwo anaona kuti sindikulimba, ndiye manyazi anawagwira n'kuwonjezera okha.

“Chatsala chimodzi,” ndinatero. “Msoko wapawiri.”

“Ulusi ukudula, inu. Boma silipempha zimenezo.”

“Azimayi anga sadziwa kusoka kamodzi. Mukawakakamiza akuonongerani nsalu.”

“Bodza limenelo.”

“Bodza, koma muvomera.”

Anapukuta manja pa epuloni n'kundipatsa dzanja. “Nanga inu mudya chiyani?”

“Zimenezo si zanu.”

Chovuta chinali kushopu. Ndinazimitsa magetsi a makina ndekha n'kuwauza zonse, osabisa za pakhonde la hotela. Ndinatchula asanu ndi anayi opita kwa a Mabatani, ndinayambira amene ali ndi ana aang'ono. Atatu otsala ndinati akhale ndi ine, tizisoka makatani ndi kukonza mazipi, ngati ntchitoyo ipezeke. Kenako analankhula mzimayi amene timamutcha Mapasa, chifukwa anabereka mapasa kawiri.

“Kwa a Mabatani ndi mabasi awiri kuchokera kwathu. Ana azinditengera ndani kusukulu?”

“Sindikudziwa.”

“Pakamwa panu, koma miyendo yathu.”

“Eya,” ndinatero. “Ndi choncho.”

Anadikira kuti ndikalipe monga mwa masiku onse. Nditapanda kukalipa, anayamba kuchotsa ulusi pa makina ake, akuukulunga pa chala pang'onopang'ono. A Sizasi ndinawaika pa mndandanda wa opita, chifukwa wodula wabwino ngati iwo safunika pa mazipi. Anatenga choko n'kudzifufuta okha, n'kulembapo mtsikana amene ankawathandiza kudula.

“Ine kwa a Mabatani? Amadula nsalu ngati akusenda mbatata.”

Ku ofesi ya kaundula ndinafika atatsala pang'ono kutseka. Kalata inalembedwa ndi mlembi wa pakhomo, ine ndinangosaina. Kalaliki wa pazenera ankandidziwa.

“Mayi a mabedishiti, mwabwera kudzawonjezera zaka?”

“Ndabwera kudzatuluka.”

Anawerenga kalatayo kawiri. “Anthu amagona pamzere kuti alowe m'buku limeneli. Wotuluka yekha ndayamba kumuona lero. Mwapeza mwamuna wolemera?”

“Dindani, bambo, nthawi yatha.”

Anapempha chiphaso. Ndinali nditachichotsa m'galasi, chili ndi mzere wachikasu m'mbali mmene dzuwa linkachiomba. Anachilemba mzere wofiira kuchokera pakona kufika pakona, n'kudinda kalata yanga. Chidindo chimalira mofanana, polowa ndi potuluka.

Lachisanu ndinapereka kalatayo m'manja mwa bwana uja isanakwane naini. Mwana wanga sindinamuuze. Anaitanidwa pa foni ndi a kuofesi kwawo, ndipo ndinamuona akubwera pakhonde mothamanga, akumanga mabatani a jekete. Ataona ine anaima. Bwana wake anamuonetsa pepalalo. Analiwerenga, nkhope inasintha, anatsekula pakamwa.

“Simukundidziwa, mayi,” ndinatero. “Lowani, akukudikirani.”

Analowa.

Ndisanachoke, Waimvi uja anatuluka m'chikepe ndi anthu ake. Anandiona, anauza anzakewo kuti atsogole. Zinaoneka kuti anali atamva kale.

“Mayi, ndi ntchito yanga,” anatero. “Koma za msoko wanu sindinaname.”

“Ndikudziwa. Mukananama ndikanakugwirani.”

“Sindinkafuna kuti mutseke shopu.”

“Munkafuna kugula motchipa. Nanenso ndikanatero. Koma tsopano mulibe pogwira, ndiye kalipireni mtengo wake.”

Anawerama pang'ono, n'kulowa. Chitseko chinatsekedwa ndi msilikali wa pakhomo.

Sanamalize Lachisanu. Anapitirira mpaka Lamlungu. Lolemba m'mawa a Mabatani anatumiza lole, ndipo makina asanu ndi anayi anatuluka pakhomo limene analowera amodziamodzi pa zaka zonsezi. Pansi panatsala madontho a mafuta ndi mabala anayianayi pamene panali miyendo yake. Sindinkadziwa kuti chipindacho n'chachikulu choncho.

Mwana wanga anabwera masana, a Sizasi akusesa. Anaima pakhomo kuyang'ana pansipo.

“Nena,” ndinatero. “Ndilibe tsiku lonse.”

“Avomera kuti matenda a nsalu za zipatala ndi za sukulu azigawidwa m'zigawo, chilichonse pachokha. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ife tinkafuna mpaka kalekale, iwo ankafuna zitatu.”

“Zikatha zisanu ndi ziwirizo?”

“Tidzakambirananso.”

“Munapereka chiyani? Palibe chaulere.”

Anazengereza. “Mipando ndi madesiki. Zimenezo alowa chaka chamawa.”

Ndinakumbukira kalipentala uja akukhala pansi pang'onopang'ono. Iye analibe mwana m'chipindamo, analibenso pepala pa msomali.

“Unamenya?”

“Ndinamenya, amayi. Sizinatheke zonse.”

“Unayang'ana kawiri?”

“Ayi. Loweruka masana tinanyamula mapepala n'kutuluka. Anatiitana tili pa chikepe.”

A Sizasi anaseka chamumtima, tsache lili m'manja. Mwana wanga anayenda mpaka patebulo lodulira, anayang'ana galasi lopanda kanthu lili pakhoma.

“Mukanandifunsa, ndikanakana,” anatero.

“N'chifukwa chake sindinakufunse.”

“Zaka zisanu, amayi. Mudzakhala ndi zaka zingati?”

“Zokwanira. Usandiwerengere zaka ngati ndine tenda.”

“Ndizikuthandizani mwezi ndi mwezi.”

“Uzithandiza Mapasa. Akufuna munthu wowatengera ana kusukulu mpaka apeze nyumba kufupi ndi depoti. Uli ndi galimoto ya chiyani?”

Anavomera ndi mutu. Kenako maso anadzaza misozi, mochedwa ndi masiku asanu, ndipo ine zimenezo sindizitha. Patebulo panali nsalu ya makatani a mayi wina wa saluni, ntchito yathu yoyamba, mazenera atatu okha. Ndinamuponyera nsonga imodzi.

“Gwira uko. Koka, isakhwinyate. Wakulira muno, usagwire ngati mlendo.”

Anavula jekete, anaipachika pa msomali wa mapepala a boma, n'kugwira. A Sizasi anabwera ndi tepi ndi choko.

“Makataniwa tisoke kamodzi kapena kawiri?” anafunsa. “Saluni sawiritsa.”

“Kawiri,” ndinatero. “Dulani.”